Mitambo ya Ngale ya Kumalekezero a Dziko

Dzuwa likalowa, mitambo imene tonse tinaizolowera imayamba yafiira, kenako imachita phulusa, mdima n'kugwa. Ku Norway, m'miyezi ya chisanu, pamakhala madzulo ena pamene mitambo ina imakana kuzima. Pansi pada kale, m'nyumba ayatsa nyale, koma kumwamba kuli timitambo tosalala, tosongoka uku ndi uku, tikuwala mobiriwira, mofiirira ndi motuwa ngati mkati mwa chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Mphepo imakankha mitambo yakuda ya m'munsi, ito tili chilili pamalo amodzi.

Henrik Mohn, mkulu woyamba wa ofesi yoona zanyengo ku Norway, ankalemba m'buku lake akaiona mitamboyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mzinda wa Oslo ukadali kutchedwa Kristiania. Anthu a kumeneko amaitchula kuti perlemorskyer, dzina lochokera ku chigoba chonyezimira chimene chimabala ngale. Mohn anazindikira kuti mtambo umene ukuwalabe dzuwa litalowa kalekale uyenera kukhala pamwamba kwambiri, pamene kuwala kukufikabe. Funso linali lakuti: pamwamba bwanji?

Amene anayankha ndi Carl Størmer, katswiri wa masamu amene ankakonda kujambula kuwala kwa usiku kumene kumavina kuthambo la kumpoto. Njira yake inali yapafupi kuimvetsa. Munthu akaimika chala patsogolo pa nkhope n'kumatsinzina diso ili kenako linalo, chalacho chimaoneka ngati chikudumpha. Størmer anali ndi anzake m'malo otalikirana makilomita ambiri, aliyense ndi kamera yake, akulankhulana pa lamya. Akawerenga mpaka pa chizindikiro, onse ankajambula nthawi imodzi. Poyerekeza pamene mtambo waima pakati pa nyenyezi pa chithunzi ichi ndi pa chinacho, iye ankawerengera kutalika kwake. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anapeza kuti mitambo ya ngale ili pakati pa makilomita 20 ndi 30 kuchokera pansi.

Kumeneko sikuyenera kukhala mtambo. Mvula, mabingu ndi matalala zimachitikira m'chigawo cha m'munsi cha mlengalenga, chimene kumalekezero a dziko chimathera pa makilomita 8 kapena 10. Pamwamba pake pali chigawo chotchedwa stratosphere, chouma kuposa chipululu chilichonse: pa tizigawo miliyoni imodzi ta mpweya, ta nthunzi ya madzi timangokhala pafupifupi tisanu. Kuti nthunzi yochepa choncho igwirane n'kukhala ayezi, pafunika kuzizira kofika madigiri 85 pansi pa ziro. Ku Norway kuzizira kotere kumabwera mphepo yamphamvu ikawomba mapiri a Scandinavia n'kuchita mafunde okwera mpaka m'mwambamo. Mpweya ukamakwera pa funde umazizira mwadzidzidzi, ayezi n'kupangika. Ukamatsika umafunda, ayeziyo n'kusanduka nthunzi. N'chifukwa chake mtambo umaoneka woima pamene mphepo ikudutsa mkati mwake. Ndipo poti timibulu ta ayezito timabadwa nthawi imodzi n'kukula mofanana, timagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yowala bwino.

Kumwera nako anthu anaiona. Edward Wilson, dokotala amene anali m'gulu la Robert Falcon Scott ku Antarctica, anajambula ndi utoto mitambo yonyezimira yotere ali ku Cape Evans mu 1911, chaka chimodzi asanafere m'hema pamodzi ndi Scott. Kwa zaka makumi ambiri, nkhani ya mitamboyi inathera pomwepo. Inali chokongola cha apo ndi apo, chojambula, cholemba m'buku la ulendo. Palibe ankaganiza kuti ili ndi ntchito.

Mbiri inakhota chifukwa cha kanyumba kena kokwiririka m'chipale. Mu 1956 bungwe la Royal Society la ku Britain linatsegula malo ofufuzira pa Brunt Ice Shelf, chiphaka cha ayezi choyandama m'mphepete mwa nyanja ya Weddell, n'kuwatcha Halley Bay. Ndi malo ankhanza. Dzuwa limasowa masiku opitirira 100 pa chaka, ndipo chipale chimaunjikana msanga moti nyumba zinayi zoyambirira zinamira chimodzichimodzi mpaka kuphwanyika, anthu akulowa ndi kutuluka pa makwerero ngati a m'mgodi. Pakati pa katundu amene anatsitsidwa m'sitima panali chipangizo chimene Gordon Dobson wa ku Oxford anapanga m'zaka za m'ma 1920. Chimayerekeza mitundu iwiri ya kuwala kwa dzuwa, wina umene mpweya wa ozoni umaumeza kwambiri ndi wina umene umangoudutsitsa, ndipo kusiyana kwake kumaonetsa kuchuluka kwa ozoni pamwamba pa mutu wa woyezayo. Muyezo wake umatchedwa ndi dzina la Dobson yemweyo. Madobisoni 300, amene ndi apakatikati pa dziko lonse, amatanthauza kuti ozoni yense atatsitsidwa pansi akhoza kungopanga kansalu kochindikala mamilimita atatu. Kansalu kameneka ndi kamene kamatchinga kuwala kowotcha khungu, koyambitsa khansa ndi ng'ala.

Manambala oyamba a ku Halley anamudabwitsa Dobson. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ozoni anali wochepa poyerekeza ndi wa kumpoto pa nyengo yofanana, kenako mu Novembala ankakwera mwadzidzidzi. Chipangizo sichinalakwe. Chinali chitaona kamvuluvulu wamkulu wa mphepo amene amazinga Antarctica nthawi ya chisanu, kutsekera mpweya wa mkati kuti usasakanikirane ndi wofunda wa kunja. Mpweya wotsekeredwawo umakhala mu mdima miyezi ingapo ukuzizirabe, mpaka kamvuluvuluyo atasweka dzuwa litakwera.

Chaka ndi chaka anyamata ovala zikhoti zolemera ankatulutsa chipangizocho, kuyeza, kulemba. Inali ntchito yosatchuka, ndipo ndi imene wolemba uno amaipatsa ulemu woposa m'nkhani yonseyi, chifukwa popanda mzere wa manambala woyambira mu 1957 sipakanakhala chofanizira tsoka litafika.

Tsokalo linkaphikidwa kutali. Mu 1928 Thomas Midgley ndi anzake ku America anapeza kuti mipweya ya CFC ndi yabwino m'mafiriji: siyaka moto, sipha munthu akaipuma, siwola. Inalowa m'mafiriji, m'makina oziziritsa zipinda, m'zitini zopopera mafuta onunkhira ndi mankhwala a udzudzu. Kusawolako ndiye kunali vuto. James Lovelock, atakwera sitima ya Shackleton yopita ku Antarctica mu 1971, anaipeza mipweyayi ngakhale pakati pa nyanja za kumwera. Mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti ikakwera mpaka mu stratosphere, dzuwa lidzaiswa n'kumasula klorini, ndipo kachidutswa kamodzi ka klorini kangathe kuphwanya tizidutswa ta ozoni zikwi zambirimbiri. Komabe kuwerengera kwa nthawi imeneyo kunkaloza kuti ozoni azichepa pang'onopang'ono, makamaka pa makilomita 40, m'zaka makumi ambiri. Klorini wochuluka ankaoneka womangika m'mipweya iwiri yofatsa, hydrogen chloride ndi chlorine nitrate, imene ikakumana m'malere siichitana kanthu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Jonathan Shanklin wa bungwe la British Antarctic Survey, amene anapatsidwa ntchito yokonza manambala a ku Halley ounjikana, anaona kuti a mwezi wa Okutobala akutsika chaka ndi chaka. Mkulu wake, Joe Farman, anayamba wakayikira chipangizo chakalecho. Anatumiza china, nacho chinanena zomwezo. Kuchokera pa madobisoni pafupifupi 300 a zaka zoyambirira, Okutobala wa 1984 anatsika kufika pafupifupi 200. Shigeru Chubachi wa ku Japan anali atayezanso ozoni wochepa kwambiri pa malo a Syowa, ku Antarctica komweko, mu 1982. Pa 16 Meyi 1985, Farman, Brian Gardiner ndi Shanklin anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Nature. Patapita miyezi yochepa, akatswiri a NASA anaonetsa zithunzi za satelayiti ya Nimbus 7, imene makompyuta ake ankaika chizindikiro chokayikira pa manambala otsika kwambiri. Chibowo chinali chachikulu ngati kontinenti yonse ya Antarctica.

Bwanji kumeneko, kumene kulibe fakitale ngakhale imodzi? Bwanji mu Seputembala ndi Okutobala mokha? Ena anati ndi dzuwa, limene ukali wake umakwera ndi kutsika pa zaka 11 zilizonse. Ena anati ndi mphepo yokwera imene ikubweretsa mpweya wopanda ozoni kuchokera pansi.

Pa satelayiti yomweyo ya Nimbus 7, imene inaulutsidwa mu 1978, panali chipangizo china chotchedwa SAM II, choyang'ana dzuwa likamatuluka ndi kulowa kupyolera m'mphepete mwa mlengalenga. Patrick McCormick ndi anzake anaona nacho kuti mitambo ya mu stratosphere si yapatalipatali ayi. Ku Antarctica imayala thambo lonse kuyambira cha mu Juni mpaka Seputembala, yambiri ili yopyapyala ngati utsi, yosaoneka ndi maso. Mu 1982 anailemba ndi dzina limene akatswiri amagwiritsa ntchito mpaka lero, mwachidule PSC.

Susan Solomon, katswiri wa zaka 30 wa ku Boulder m'chigawo cha Colorado, ndi amene analumikiza mitamboyi ndi chibowo. Mu 1986, iye pamodzi ndi Rolando Garcia, Rowland ndi Donald Wuebbles analemba kuti mipweya iwiri yofatsa ija ikatera pa timibulu ta mtambo, imapeza bwalo lokumanirana. Pamenepo imagwirizana msanga, n'kutulutsa klorini womasuka, asidi wa nitric n'kutsalira pa mtambo. Usiku wonse wa chisanu klorini ameneyu amaunjikana mkati mwa kamvuluvulu, osachita kanthu chifukwa kulibe kuwala. Dzuwa likangosuzumira kumapeto kwa Ogasiti, limamuswa, ndipo m'masabata ochepa ozoni wa pakati pa makilomita 14 ndi 21 amatha pafupifupi yense.

Mu Ogasiti 1986 Solomon anatsogolera gulu la akatswiri kupita ku McMurdo, ku Antarctica, chisanu chisanathe. Chipangizo chake chinkafuna kuwala kochokera kumwamba, ndipo poti dzuwa linali losadalirika, ankagwiritsa ntchito mwezi. Munthu ankakwera padenga usiku, kuzizira kuli pafupifupi madigiri 40 pansi pa ziro, mphepo ikumenya kumaso, n'kumatembenuza galasi ndi manja kuti kuwala kwa mwezi kulowe pa kabowo kupita ku chipangizo m'chipinda. Anapeza mpweya wa chlorine dioxide wochuluka kwambiri kuposa umene umapezeka kwina, chizindikiro chakuti klorini wamasukadi. David Hofmann wa ku Wyoming anaulutsa mabaluni amene anaonetsa kuti ozoni akutha pa msinkhu womwewo pamene pali mitambo.

Chaka chotsatira ndege ziwiri zinanyamuka mobwerezabwereza ku Punta Arenas, kumwera kwa Chile. Imodzi inali ER-2, mbale wake wa ndege ya ukazitape ya U-2, ya injini imodzi ndi woyendetsa mmodzi, youluka pafupifupi makilomita 18 pamwamba pa nyanja yozizira imene munthu atagweramo sangapulumuke. Inanyamula chipangizo cha James Anderson wa ku Harvard. Pa ulendo wa pa 16 Seputembala 1987, ndegeyo italowa m'mphepete mwa kamvuluvulu, mzere wa chlorine monoxide unakwera pomwe mzere wa ozoni unagwa, ndipo pena paliponse pamene wina wakwera winayo ankatsika, ngati munthu ndi chithunzithunzi chake m'madzi. Tsiku lomwelo mayiko anasaina pangano la Montreal lochepetsa mipweya ya CFC.

Apa nkhani ikanatha, koma funso la mitamboyo yeniyeniyo linali lisanayankhidwe, ndipo ndi limene latenga zaka zambiri. Imapangidwa ndi chiyani?

Poyamba onse ankati ndi ayezi. Koma masatelayiti ankaona mitambo pa madigiri 78 pansi pa ziro, pamene ayezi wa madzi okha sangapangike m'mpweya wouma chotero. Mu 1986 Brian Toon ndi anzake, komanso Paul Crutzen ndi Frank Arnold, anaganiza kuti asidi wa nitric amaundana pamodzi ndi madzi. Mu 1988 David Hanson ndi Konrad Mauersberger anapanga timibulu totere m'chipinda chofufuzira: gawo limodzi la asidi pa magawo atatu a madzi, tolimba, tokhazikika pa madigiri pafupifupi 7 pamwamba pa pamene ayezi amayambira. Timatchedwa NAT. Zinaoneka ngati mitundu ndi iwiri basi, NAT ndi ayezi.

Kenako zipangizo za lidar, zimene zimawombera kuwala kwa leza kumwamba n'kuyeza kobwerera, zinayamba kusokoneza chithunzicho. Kachidutswa kolimba ka makona kamapotoza kuwala. Kadontho kobulungira sikapotoza. Mitambo yambiri, pa kuzizira koopsa komweko, sinkapotoza. Inali yamadzimadzi.

Zamadzimadzi kusaundana pansi pa ziro si zachilendo m'mitambo. Kadontho ka madzi oyera kopanda kafumbi koti ayezi ayambirepo kamatha kukhalabe madzi mpaka madigiri pafupifupi 38 pansi pa ziro, ndipo Alfred Wegener, amene anagonera ku Greenland, analemba mu 1911 za mmene ayezi amalandira nthunzi kwa timadontho totere zikakhala pamodzi. Koma mu stratosphere muli chinthu china. Muli nkhungu yopyapyala ya timadontho ta asidi wa sulfuric, yozungulira dziko lonse, imene Christian Junge anaipeza cha mu 1960. Mu 1994 magulu a Ken Carslaw ndi Azadeh Tabazadeh anaonetsa kuti kuzizira kukamayandikira madigiri 80 pansi pa ziro, timadonthoti timamwa madzi ndi asidi wa nitric, timafufuma kangapo, koma osaundana. Phiri la Pinatubo ku Philippines, limene linaphulika mu Juni 1991 n'kuthira matani mamiliyoni ambiri a sulfur dioxide mu stratosphere, linapereka umboni wina: timadontho titachuluka, ozoni anachepa kwambiri mu 1992 ndi 1993. Lero akatswiri ambiri amavomereza kuti gawo lalikulu la klorini limamasukira pa timadontho tamadzimadzi tozizira, osati pa ayezi wokongola uja amene Mohn ndi Wilson ankasirira.

Timibulu tolimba tili ndi ntchito ina. M'chisanu cha 1999 mpaka 2000, ndege ya ER-2 ikuuluka kuchokera ku Kiruna kumpoto kwa Sweden, gulu la David Fahey linapeza timibulu ta NAT tokula mamaikoromita 10 mpaka 20, taling'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi koma tolemera mokwanira kugwa pang'onopang'ono makilomita angapo. Tikamagwa timatenga nayitrojeni amene akanamanganso klorini dzuwa likabwera. Choncho timadontho timamasula klorini, timibulu togwa n'kuchotsa chingwe chomumangira. Satelayiti ya CALIPSO, imene inagwira ntchito kuyambira 2006 mpaka 2023, inaonetsa kuti mitambo yambiri ndi yosakanizika, timadontho ndi timibulu pamodzi, ndiponso kuti mafunde a mphepo a pamapiri a Antarctic Peninsula amapanga ayezi amene amasiya mbewu za NAT zofalikira kutali kumene mphepo ikulowera.

Zonsezi zimadalira madigiri ochepa chabe, ndipo ndi pamene kumpoto ndi kumwera kumasiyanirana. Kumpoto kuli mapiri akuluakulu ndi mitunda yosinthana ndi nyanja, zimene zimatumiza mafunde ogwedeza kamvuluvulu wa ku Arctic, kumufunditsa, nthawi zina kumuswa pakati pa chisanu. Zaka zambiri mitambo imangooneka masabata ochepa. Koma mu 2011, ndiponso mu 2020, kamvuluvuluyo analimba mpaka Malichi, ndipo ozoni wa kumpoto anawonongeka kwambiri kuposa kale lonse. Kumwera zimachitika mosemphana: zaka zambiri kamvuluvulu amalimba, amangogwedezeka mwa apo ndi apo. Mu Seputembala 2000 chibowo chinafika makilomita pafupifupi 30 miliyoni m'bwalo lake, kukula kwake ngati Africa yense. Koma mu Seputembala 2002 kamvuluvulu anagawika pawiri, ndipo mu 2019 stratosphere inafunda mwadzidzidzi, mitambo inatha msanga, chibowo chinakhala chaching'ono kuposa cha chaka chilichonse chiyambire 1982. Klorini sanasinthe kwenikweni pakati pa 2018 ndi 2019. Chinasintha ndi kuzizira.

Pangano la Montreal linafika mpaka m'nazale za fodya. Bromini amathandizana ndi klorini pophwanya ozoni, ndipo mankhwala a methyl bromide, amene alimi a fodya ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ankafukiza nawo dothi la nazale pansi pa pepala la pulasitiki pofuna kupha njoka zam'nthaka ndi udzu, analowa pa mndandanda wa zoletsedwa. Ku Malawi anasiyidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo alimi ena anaphunzira kufesa mbande m'mathileyi oyandama pamadzi. Amakaniki a mafiriji nawo anaona gasi wa R12 akusowa m'masitolo, m'malo mwake kukubwera wina. Lipoti la 2022 la mabungwe a United Nations linati ozoni wa ku Arctic akhoza kubwerera pa mlingo wa 1980 cha mu 2045, wa ku Antarctica cha mu 2066.

Mitambo yokha siidzachoka, ndipo zimene zimaipanga zikusintha. Mpweya wa carbon dioxide, umene ukutenthetsa dziko pansi pano, umaziziritsa stratosphere. Moto wolusa wa ku Australia wa 2019 ndi 2020 unakweza utsi mpaka m'mwambamo, ndipo mu 2023 Solomon ndi anzake anaonetsa kuti timadontho tosakanizika ndi utsi timamasula klorini ngakhale pamalo osazizira kwambiri. Phiri la pansi pa nyanja la Hunga ku Tonga, litaphulika pa 15 Januwale 2022, linawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa nthunzi yonse ya madzi ya mu stratosphere. Mu Febuluwale 2016 ndi mu Disembala 2023 mitambo ya ngale inaoneka mpaka ku Britain, anthu n'kumaijambula ndi mafoni m'misewu.

Ku Halley, nyumba yachisanu ndi chimodzi inamangidwa pa miyendo yokwera ndi kutsika, yokhala ndi zotsetserekera pansi pake kuti izikokedwa. Mng'alu waukulu utayamba kukula m'chiphaka cha Brunt, mathirakitala anaikoka makilomita 23 kulowera kumtunda m'chilimwe cha 2016 mpaka 2017. Kuyambira 2017 palibenso munthu amene amagonera kumeneko nthawi ya chisanu, ndipo mzere wa manambala woyambira mu 1957 unadukapo kwa kanthawi. Akatswiri anakonza chipangizo cha Dobson chodziyendetsa chokha, cholandira magetsi kuchokera ku kainjini kakang'ono kamene kamasiyidwa kakulira anthu akamakwera ndege yomaliza. Mu Januwale 2023 chigamphu cha ayezi cha makilomita 1,550 m'bwalo lake chinathyoka pa mng'alu uja n'kuyandama kulowera m'nyanja ya Weddell, nyumbayo n'kutsala mbali yolimba.